Ndinamukana Winnet pa Msika wa Huruyadzo

Zengeza 1,
Chitungwiza.
19 Julaye 2015

Okondedwa achimwene a Saulos,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu anga ndi ana onse ku Kawaleko. Mwendo uja ukukuvutanibe? Ife kuno tilipo, kuzizira kwa Julaye kokha ndiko kwatilowa m'mafupa.

Kalatayi ndapatsira a Morris, oyendetsa basi ya ku Lilongwe. Mudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni. Nkhani yake ikundikanika pakamwa, ndiye ndati dzanja lindinenere.

Winnet wanga, yemwe munamusiya ali Giredi 7 chaka chija boma linagumula nyumba za anthu kuno, pano ali chaka chachitatu ku yunivesite. Akuphunzira mbiri yakale. Ine ndinkafuna unesi, koma mwanayu anatengera mutu wa malemu bambo ake, samva za munthu.

Kusukulu kwawo salola munthu kumaliza asanakagwireko ntchito kwinakwake, amati atachimenti. Anzake a makompyuta amatengedwa ndi makampani n'kumapatsidwako kangachepe. Nanga wa mbiri yakale angamulipire ndani? Iye anapeza malo pa kaofesi kena m'tauni, kosunga mawu a anthu okalamba, koma kopanda malipiro. Ine ndi tomato wangayu sindikanatha kumukweza kombi, minibasi yakuno, tsiku ndi tsiku.

Mwayi wake, yunivesite ili ndi thumba lothandiza ana ngati iyeyu, a ntchito zopanda malipiro, kuti apeze ya kombi ndi ya chakudya chamasana. Opempha ndi ambiri, osankhidwa ndi ochepa. Winnet analemba kuti ndi mdzukulu wa munthu amene anabwera kuno wapansi kuchokera ku Malawi, ndi kuti amayi ake adzamutsogolera kwa akuluakulu achimalawi a ku St Mary's kuti awajambule mawu. Anamusankha pa chifukwa chimenecho.

Anandiuza ndithu kuti tsiku lina adzabwera ndi abwana ake kudzandijambula. Ndinavomera ndikusankha nyemba, ndikuyesa kuti adzabwera kunyumba.

Tsopano imvani zimene simukuzidziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala pa msika wa Huruyadzo, ndipo palibe akudziwa kuti ndine Mmalawi. Tsiku loyamba amayi a pamsika anandifunsa mutupo, umene ife timati mfunda. Ndinali nditamva kale mmene amasekera anthu athu, kuti ndi mabwidi, anthu opanda mudzi, oikidwa m'manda a m'tauni. Ndinayankha kuti ndine Soko, kwathu ku Murehwa. Kuyambira pamenepo akamaseka mabwidi, nanenso ndimaseka, nthawi zina kuposa iwo.

Chichewa ndimachiyankhulira m'nyumba mokha, makamaka pokalipa. Winnet amamva zonse koma amayankha m'Chishona. Za ku Murehwazi sindinamuuzepo, ndipo pamsika amangobwera kudzatenga makiyi.

Paja amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Yanga inaguluka Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo, msika utadzaza.

Ndinangoona Winnet waima patsogolo pa tebulo langa ndi mayi wina wamagalasi, Mayi Hazel, mkulu wa ofesi ija, atagwira kamakina kojambulira mawu. Mwana wanga anagwada pafumbi pomwepo, pamakoko a kabichi, n'kundipatsa moni m'Chichewa. Anati mwaswera bwanji amayi, ndabwera ndi alendo. Lilime linali lolimba, zinkachita kuoneka kuti wakhala akuyeserera payekha masiku ambiri. Chibadwire anali asanandiyankhulepo m'chiyankhulo chathu.

Mai Fadzai, oyandikana nane tebulo, anasiya kuunjika anyezi n'kutchera khutu. Enanso anatembenuka.

Achimwene, ndinaseka. Ndinafunsa m'Chishona kuti chimenechi ndi chiyankhulo chanji, kapena ndi zimene akuwaphunzitsa ku yunivesiteko. Ndinati handinzwi ini, sindikumva. Amayi onse anafa nacho chikhakhali. Mayi Hazel anandifunsa mwaulemu ngati makolo anga sanali ochokera ku Malawi. Ndinati ayi, ife ndi a Soko a ku Murehwa. Kenako, pofuna kutseka nkhani, ndinawagulitsa tomato n'kuwaikira mbasela.

Winnet anadzuka, anasansa fumbi m'mawondo, n'kundithokoza ngati wathokoza mayi wachilendo. Anapita osacheuka.

Tsiku lotsatira abwana ake anamuuza kuti iwo sangabise, ayenera kudziwitsa a yunivesite kuti thandizo lija linaperekedwa pa nkhani yabodza. Anamupatsa mpaka kutha kwa mwezi uno kuti aonetse kuti sananame. Zikakanika, amuchotsa pa thumba lija, atachimenti yathera pomwepo, ndipo dzina lake likhala la mwana wabodza. Chikhalirecho wabodza ndine.

Kukanakhala bwino akanandilalatira. Koma ayi, akuphika, akuchapa, akusesa. Ndikamupatsira chakudya amaomba m'manja n'kunena kuti maita Soko, kundithokoza ndi mfunda wobwereka uja. Mawu amenewo amandipyoza mumtima. Manyazi amene ndili nawo sindinawamvepo, ngakhale tsiku lija tinagona panja nyumba itagumulidwa.

Lachisanu ndinalimba mtima, ndinaimbira Mayi Hazel n'kuwauza zonse. Anati ndipite ku ofesi kwawo akandijambule mwakachetechete, palibe adzadziwe. Mtima wanga unatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinati ayi, abwerenso pa Huruyadzo Loweruka likubwerali, nthawi yomwe ija. Mwanayo ndinamukanira pagulu. Mai Fadzai akaseke mpaka nthiti ziwawe, ogula akandithawe ngati afuna.

Madzulo ake ndinamuuza Winnet. Anangondisiyira patebulo pepala la mafunso amene adzandifunse, kuti ndikonzekere.

Lero titaweruka ku tchalitchi ndakhala pakhonde ndi pepalalo. Funso loyamba ndi losavuta: makolo anu anachokera mudzi uti? Ndikudziwa kuti ndi ku Dedza. Ndikukumbukira kuti bambo ankatchula mtsinje ndi phiri, ndipo dzina la mudziwo silinkachoka pakamwa pawo, makamaka akalawa pang'ono. Ndalifunafuna m'mutu kuyambira masana mpaka tiyi wandizizirira m'kapu. Ndikutha kukutchulirani midzi isanu ya ku Murehwa kumene sindinapondeko, koma wathu wandithawa.

Inu munakafikako, munaona manda a agogo. Chibale ndi fupa, sichiola. Kalatayi ikangokupezani, ndiimbireni lisanafike Loweruka. Ndikalipireni mmene mungafunire, ndimva, sindiyankha. Koma mukatha kukalipako mundiuze dzina la mudzi wathu, mulitchule pang'onopang'ono kuti ndilembe. Sindikufuna kukaima pamaso pa mwana wanga kachiwiri ndilibe choyankha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Bernard ndi akazi ake, ndi kwa azakhali a Florida ngati maso awo akuwalolabe kuzindikira anthu. Nkhaniyi musawauze kaye. Mulungu akusungeni nonse ndipo achize mwendo wanuwo.

Ndine mlongo wanu,
Modester Phiri