Bambo M'khitchini, Ine Pampando

Lolemba, 9 Juni

Nkhawa yanga si mwendo wothyokawu ayi. Dokotala wati fupa lilumikizana pakatha milungu isanu ndi umodzi. Nkhawa yanga ndi khitchini. Chikwatiranecho, bambo a kuno, makanika wopuma pantchito, sanaphikepo china choposa tiyi.

Mwana wathu, namwino uja, waimba foni. "Loweruka ndikubwera, amayi. Ndikapeza mukudya buledi yekhayekha, ndikunyamulani." Kwawoko n'kutali, ndipo bambowa angatsale okha m'nyumba muno. Sindikufuna.

Ndaika mpando pakhomo la khitchini. Ndinaphunzitsa ana ambirimbiri, mkulu mmodzi andikanike?

Lachiwiri, 10 Juni

Tayamba ndi mpunga. Kuutsuka katatu mpaka madzi ayere. Madzi ophikira apitirire mpunga ndi mfundo imodzi ya chala. Ukawira, moto wochepa, osavundukula. Ndafotokozanso chifukwa chake: chimapsetsa ndi nthunzi, ukavundukula yathawa.

Avundukula kanayi. "Aphunzitsi, injini mungaidziwe osatsegula boneti?"

Tadya ndithu, koma kunali kukukuta.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinagonako masana. Podzuka ndikumva kwee, kwee, kuseri. Chiwaya changa chachitsulo, chimene ndachisamala zaka makumi awiri mpaka chinada bii, achipala ndi sandipepa wa kugalaja. Chikuwala ngati kalilole.

"Mwaye wonse ndachotsa, mayi." Nkhope yake kunyada!

Ndawauza kuti kuda kuja sikunali litsiro. Anali mafuta amene anapsera pachitsulo pang'onopang'ono, ndiwo ankaletsa chakudya kumata. Ndafotokoza motalika, mwina mopitirira. Sanavomere. Aswa dzira kuti anditsutse, dzira lamata, lang'ambika, theka latsalira momwemo. Adya long'ambikalo.

Lachinayi, 12 Juni

Buledi ndi tiyi, katatu. Sakundiyang'ana. Ndimalankhulitsa, ndadziwa.

Lachisanu, 13 Juni

Lero ndangofunsa. "Kodi bambo, chitsulo mukachipala mumachiteteza bwanji?"

"Timapaka oyilo."

"Basi. N'zomwezo, koma wa saladi."

Maso awo gwa pachiwaya. Mafuta pang'ono pakansalu, kupaka mkati ndi kunja, kupukuta mpaka kuoneke ngati sunapake, pamoto mpaka utsi uleke, chizizire, kubwerezanso. Ine ndinati katatu, iwo achita kasanu ndi kawiri. Utsi nyumba yonse, mayi wapafupi mpaka anasuzumira pampanda: "Aphunzitsi, muli moyo?"

Dzira la madzulo latsetsereka lokha. Bambo angoimba mluzu. Kenako akhoma misomali kukhoma, apachika zipande ndi masipuni potsata kukula kwake, ngati masipanala. Andifunsa okha ngati nyemba za mawa aziviike lero. Ee, zimapsa msanga. Ndayankha mawu atatu okhawo, ndipo ndadzitama mumtima.

Loweruka, 14 Juni

Namwino wafika ndi chikwama cholongedzeramo zovala zanga. Asanakhale n'komwe watsegula filiji, wavundukula mapoto, wandipsinja chala cha kumwendo. Patebulo panali mpunga woyoyoka, nyemba ndi mazira okazinga. Mchere unapitirira pang'ono. Ndangodya.

"Wabwera kudzaphika ndani?"

"Khala pansi, mwanawe," atero bambo ake, n'kuyamba kumufotokozera za nthunzi. Kuchoka apo, za mafuta ndi chitsulo. Chakudya chikuzizira, iwo akadali pakati.

Namwino wandiyang'ana. "Amayi, mwawapatsira matenda anu."

Wawonjezera mbale yachiwiri. Madzulo chikwama chabwerera m'galimoto chopanda kanthu. Ndili pazenera ndawamva bambo ake atawerama pachitseko cha galimoto: "Anyezi uziyamba wamuika m'filiji kanthawi usanadule, sutulutsa misozi. Ukafika ukayese, undiuze."

Zimenezo sindinawaphunzitse ine. Mawa andionetse.