Alamu akukana kundisudzula chifukwa cha sipanala

Aphungu,

Amuna anga adamwalira mwezi wa Juni. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, makamaka za anyamata onyamula matemba kuchokera ku Chilwa. Mwana wathu Alesi, wa zaka zisanu ndi zitatu, wakulira pamenepo. Ndiye ankamiza chubu m'beseni kufunafuna pobooka, ndipo bambo ake atafooka manja ndi matenda, manati ankamanga ndi iyeyo.

Maliro atatha, alamu anga a Kaliati adatenga bokosi lonse la zitsulo, pampu, ndi beseni lomwe. Kufika kwawo adapeza kuti sipanala imodzi mulibe. Ili ndi Alesi. Amagona nayo atayikulunga m'kansalu. Nditamuuza kuti abweze adati, "Ababa anandipatsa. Akawafunse kumandako."

Tsopano alamuwo akuti mwambo wondisudzula, woti ndimasuke ku banja lawo, suchitika mpaka sipanalayo ituluke. Adaseka pamaso pa anthu, amvekere, "Mwana wamkazi sipanala atakasira ndiwo?"

Ine ndatopa, Aphungu. Nanenso ndayamba kutsokomola monga adayambira malemuwo. Kodi ndingomulanda akagona?

F.M., Nazombe, Phalombe

Mayi F.M.,

Musamulande. Bambo anga ankakonza maprimasi, mbaula zija za palafini, ndipo zitsulo zawo zidachoka pakhomo tisanachoke n'kumanda komwe. Ndili ndi imvi tsopano, koma ndikamva fungo la gilisi ndimaimabe kaye. Mukatenga sipanalayo mwana ali mtulo, m'mawa adzadziwa kuti amene wamubera ndi mayi ake.

Komanso lekani kubisa. Kubisako n'kumene kudzachititse kuti amutche wakuba. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri pamodzi ndi achimwene anu, munene poyera kuti sipanala ilipo, ndipo malemu adampatsa mwana wawo akali moyo. Kusudzula si malonda. Alamuwo akaumirira, kadandauleni ku ofesi ya DC, ndipo kumeneko mukatchule bokosi lonse, osati chitsulo chimodzi chokha.

Za kuseka kwawo zisiyeni. Njinga yophwa sifunsa ngati wayimata ndi mtsikana. Pezani wokonza njinga amene mumamudziwa bwino, wa poonekera anthu, kuti Alesi azikathandiza akaweruka kusukulu. Sukuluyo asasiye. Akamasula chinthu pakhomo musamukwapule. Muuzeni achibwezeretse mmene chinalili, inu mukuonerera.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri mwachiika kumapeto kwa kalata yanu. Chifuwacho pitani nacho kuchipatala sabata ino, mukalole kupimidwa zonse. Ndipo mukali ndi mphamvu khalani pansi ndi achimwene anu, mugwirizane amene angasunge Alesi zinthu zitavuta, munthu woti sadzamulanda chitsulo cha bambo ake n'kumutumiza kukalera ana a eni.

Musazengereze, mayi. Mwanayu wataya kale bambo, ndipo sipanala singamulere.

Aphungu