Thobwa la amama si mowa

Adumbu anga, achimwene a Levison,

Monire nonse ku Wenya. Kodi muli bwanji pamodzi ndi alamu anga a Kate ndi ana? Ine ndi mwana wanga Ivy tili bwino kuno ku Limbe, kungoti chimfine sichikumusiya.

Zimene munandiuza pafoni zandisowetsa mtendere: kuti kuchipatala apeza kuti amama magazi achepa, komanso kuti chilowereni mpingo watsopano uja akukana thobwa, ati chilichonse chosasa ndi mowa. Amama omwe aja ankadzuka ndi thobwa, kugona ndi thobwa! Mawu ankadukaduka tsiku lija, ndiye ndati ndilembe.

Paja ndinayamba ntchito pakampani yopanga chambiko. Sabata yatha mgolo wathunthu wa mkaka unakana kugwira, ine mtima phaa, kuopa kuti andichotsa. A Sylvester, amene amayeza mkaka, sanakalipe. Anapeza kuti makina anatenthetsa mkaka mopitirira, mabakiteriya n'kufa. Ndinadabwa, poti ine ndinkangodziwa kuti mabakiteriya ndi matenda basi. Anandionetsa mabakiteriyawo m'chipinda chawo choyezera, pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, n'kundifotokozera kuti alipo abwino. Amenewa amatulutsa timadzi totchedwa ma enzaimu, timene timaphwanyiratu chakudya chisanafike m'mimba, ndipo ena amapanganso mavitamini.

Pomwepo ndinakumbukira amama, ndinafunsa za thobwa la mawere. Anati m'mawere muli ayironi wothandiza magazi, koma amakhala womangika, thupi limavutika kumutenga. Chimera ndi mabakiteriya aja ndiwo amamumasula thobwa likamasasa pang'ono. Anatinso thobwa lotsekemera sililedzeretsa, pokhapokha ulisiye dala masiku ambiri. Koma anandichenjeza kuti si mankhwala, choncho mapiritsi a kuchipatala amama asasiye.

Ndinatuluka m'chipinda muja mtima utapepuka, adumbu. Chakudya chothandiza amama chili m'nkhokwe mwawo momwemo.

Pempho langa ndi limodzi. Musakangane nawo amama, mukuwadziwa mmene amaumira akakakamizidwa. Alamu aphike thobwa labwino, inu mulitenge mupite nalo kwa abusa a mpingo wa amama mwaulemu, muwafotokozere zimenezi, alawe okha. Iwo akanena kuti si tchimo, amama amwa tsiku lomwelo.

Ndili ndi chiyembekezo, chifukwa ndamva kuti abusawo ndi a Frackson aja ndinkaphunzira nawo ku pulayimale. Nthawi yokolola mawere ankabwera kumunda kwathu osaitanidwa, n'kumaliza okha chipanda cha thobwa la amama. Sindikhulupirira kuti lilime lawo layiwala.

Mundiperekere moni kwa amama, muwauze kuti Ivy akufunsa tsiku lodzawaona. Moni kwa alamu, kwa azakhali ku Chisenga, ndi kwa ana onse. Yewo chomene.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Vera