Chitsulo Chomwa Madzi

12 Okutobala
Kutentha koopsa. Mkazi wanga Zione sabata yachiwiri kuchidikiro. Mwana wagona mopingasa, atero anamwino, a Pauline. Zikavuta, ambulansi basi. Netiweki ya foni kuno mpaka ukwere phiri.

Wailesi yoitanira pakachipatalapa ili ndi matchanelo awiri. Yapamwamba imafika kwa anzathu oyandikana, mbee. Yapansi, yofika kuboma, phokoso lokhalokha ngati mvula pamalata. "Yatha imeneyi, a Chrispine," atero a Pauline. Sinathe. Zaka khumi ndi zisanu ndikukonza mawailesi pa Kasinje, wailesi yakufa ndimaidziwa.

14 Okutobala
Ndakwera padenga, eriyo ilibe mlandu. Vuto lili pansi. Chitsulo cha waya wapansi chinali kuseri kwa bafa, ponyowa chaka chonse. A Goliati, alonda, anachizula m'Ogasiti n'kuchikhomera pamchenga wouma, ati amayi asamapunthwe. Mtima wabwino ndithu, koma atilakwira. "Nanga chitsulo chimamwa madzi?" Chimamwa, bambo.

Tchanelo yapamwamba imangofuna mlongoti utalike, za nthaka ilibe nazo ntchito kwenikweni. Yapansiyi ayi. Theka la eriyo yake ndi nthaka yomweyo. Ikauma, mawu amathera pakhomo.

15 Okutobala
Dzenje lofika m'chiuno. Makala thumba limodzi, mchere, madzi ndowa zisanu ndi imodzi. Mawaya anayi ndawayala mozungulira n'kukwirira. A Goliati atunga okha madziwo. Amayi oyembekezera kundiseka: "Mwadzala chitsulo, mudzakolola makasu?" Zione kuseka kuposa onse, dzanja lili pamsana.

Ndayesa. Kuboma ayankha, koma ngati munthu ali m'chitsime. Madzi alowerere kaye. Sindikuopa.

17 Okutobala
Ndinanama, ndikuopa.

Matenda ayamba m'mawa. Pofika masana a Pauline atuluka nkhope itasintha, osandiyang'ana n'komwe. Molunjika kuwailesi. Kuitana koyamba, zii. Kachiwiri, zii. Kachitatu: "Takumvani bwinobwino, ambulansi ikunyamuka pompano." Mawu ngati munthu waima pakhonde.

Zione akubuula m'katimo, sandilola kulowa. Ndakhala pansi pa mtengo wa mango, ndikulemba. Ola lakwana. Mulungu, mbali yanga ndachita.

Fumbi uko kumtsetse. Si lole ya mbatata imeneyo. A Pauline akukuwa kuti nditenge chikwama cha Zione, ndikwere nawo, ndipo