Kilachi ya Mpikisano Pachitunda cha ku Ntchisi

Achimwene,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ku Halaleko. Kuno ku Madisi tilipo, amayi chifuwa chija chawasiya.

Koma ine mtima ukundiwawa. Mzungu wogula fodya uja adabweretsa kagalimoto kake kopanda denga kugalaja kwathu. Adati ndiikemo kilachi yolimba ya mpikisano, ndipalenso fulayiwilo, chigudumu chakumbuyo kwa injini chija, kuti chipepuke. Ndidati, "Bwana, zimenezo n'za msewu wosalala. Kumapiri kuno injini imafuna chigudumu cholemera, apo ayi izizima ponyamuka." Iye amvekere, "Ntchito yako ndi sipanala, osati kuganiza."

Ndidachita zofuna zakezo. Loweruka, pachitunda cha ku Ntchisi, adaima kuti ngolo idutse. Ponyamuka kagalimoto kadazima, n'kubwerera chambuyo mpaka m'ngalande. Lolemba adadzanditukwana pamaso pa mlamu wanu, ati ndine mbuli. Ine, zaka khumi ndikugona pansi pa magalimoto!

Chonde mundifunire kilachi wamba ndi fulayiwilo yosapala, mutumize pabasi. Ndikakonzabe, poti dzina lomwe likuipa ndi langa. Koma dziwani kuti zomwe zidatulutsa kagalimotoko m'ngalandemo ndi ng'ombe za ngolo yomwe ija.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane