Mawu a pa lipoti la Kabuthu

Lachinayi, 9 Juni

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Pepani zolemba zokhotakhotazi, ndikulembera pabondo khanda lili kumsana, ndipo ndiyenera kumaliza bambo a Kabuthu asanaweruke.

Dzulo anatiitana kusukulu kukatenga malipoti. Pa la Kabuthu aphunzitsi analembapo mawu achingerezi akuti poise. Paja ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye ndinkaopa kuti mwana walakwa. Nditafunsa anaseka, akuti ndi mawu oyamikira. Akuti amanenera munthu woyenda mosapendekeka, wodekha, wosanjenjemera ngakhale anthu amuyang'anitsitse bwanji. Akuti kawirikawiri amanenera akuluakulu oyankhula pagulu, osati mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Kenako anandifotokozera. Tsiku lina kunabwera alendo, Kabuthu anatumidwa kukawapatsa madzi. Ali pakati pa kalasi bolodi linagwa, ana onse anakuwa, ngakhale alendowo anadzidzimuka. Iye osaphethira, madzi osatayika ngakhale dontho.

"Mayi, mwalera bwino. Munamuphunzitsa bwanji?"

Ndinangoti zikomo.

Kumene anaphunzira ndikukudziwa. Bambo ake akaweruka amafuna tiyi wodzaza kapu mpaka pakamwa, ndipo wobweretsa akhale Kabuthu, kuchokera kukhitchini mpaka pampando pawo. Akangotayika pang'ono, ndi lamba. Pena amamenya tebulo dala mwana ali m'njira, ati aone ngati wakula. Ndipo ine ndi amene ndimamunong'oneza pakhomo la khitchini kuti yang'ana kapu yokha, usadzidzimuke, usalire. Ndinkayesa ndikumuteteza.

Za diso langa lija, ndinakunamizani, sichinali chitseko. Zangazo ndinazizolowera. Koma pobwerera kunyumba ndinamufunsa Kabuthu ngati sanachite mantha bolodi litagwa.

"Ndinachita, amayi. Koma ndimadikira ndiike kaye kapu. Ndikaika ndimapeza nthawi yolira yapita."

Anayankha akuyenda bwinobwino, mutu uli chilili ngati munthu wamkulu. Ine ndi amene ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, anthu akundiyang'ana.

Chonde bwerani Loweruka m'mawa mudzamutenge, bambo ake amakhala kuntchito mpaka masana. Zovala zake ndi lipotilo ndasungitsa kwa amayi osoka aja oyandikana nafe, kalatayinso atumiza ndi iwowo. Musaimbe foni, bambo ake amaiunguza. Za ine ndi khandali musafunse kaye, wina ayenera kukhalapo akamadzafunsa kuti mwana ali kuti. Amayi athu musawauze msanga, mukudziwa mtima wawo.

Moni kwa alamu, muwapepesere kuti ndikuwaonjezera pakamwa pena. Moninso kwa ana anu aphokoso aja. Akakamuona ali zii asakamuseke. Akamuphunzitse kuthamanga ndi kulimbirana zinthu, ngakhale kamwano pang'ono, ine sindidzadandaula.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kabuthu