Nyachirwa Wakwera Mkuwazi

Loweruka, Julaye. Miyendo ikuphwanya, koma mtima wapepuka.

Lero ndinapita ndi mkazi wanga Nyachirwa kunkhalango ya Mkuwazi. Ndi ulendo wake woyamba chimuchitireni opaleshoni ya m'mimba. Ndinakana sabata yonse, mpaka dzulo anati, "Bambo a Tiyamike, miyezi inayi ndili pakhonde. Mukakana ndipita ndekha."

Tinatsika minibasi n'kulowa kanjira ka m'mitengo. Mkatimo ndi mozizira, mitengo ndi italiitali, agulugufe ali ponseponse. Iye anakulira kufupi ndi pomwepo, ndiye ankanditchulira mayina a mitengo m'Chitonga, n'kumaseka ndikawapotoza ndi lilime langa la ku Dedza.

Pachitunda anaima mwadzidzidzi atagwira pabala paja. Ndinachita mantha kwambiri.

"Tibwerere," ndinatero.

"Pakupweteka, ada, sindinama. Koma ndipatseni mkono, osati nkhope imeneyo."

Ndinamupatsa. Tinakwera pang'onopang'ono, tikupuma pafupipafupi, mpaka tinafika pamwala waukulu pomwe mphepo imawomba bwino. Anakhala pansi thukuta lili kamukamu, n'kumasula kampango komwe tinamangamo chinangwa chophika. Munthu amene miyezi yonseyi ndakhala ndikumunyengerera kuti adyeko masupuni atatu a phala, lero wadya chake chonse, kenako n'kutenganso changa osapempha. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone misozi.

Lachiwiri tikamva zotsatira za zomwe anamuyeza kuchipatala. Ndikuopabe. Koma panopa ali panja akulongosolera aneba kuti amene amatsalira m'mbuyo ndine, ndipo ine sindimutsutsa...